Ndithandizeniko pa reported speech, mayeso ali pakhomo

Naphiri F4: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeniko abale, mutu wandizungulira. Lachitatu tinalemba kamayeso ka Chingerezi ndipo pa reported speech ndapeza 3 pa 10, pomwe MSCE ili pakhomo. Funso lina linali lakuti tisinthe chiganizo ichi: "I am tired," Chikondi said. Ine ndinalemba Chikondi said that she is tired. Aphunzitsi athetha is n'kulemba was pamwamba pake. Chalakwika n'chiyani? Pa Chichewa timati Chikondi anati watopa, sitinena kuti anati anatopa. Nanga was ameneyu akuchokera kuti?

Wakabaza Zomba: 3 pa 10 ndi zambiri mlongo wanga. Ife nthawi yathu tinkatenga dzira n'kukakazinga kunyumba 😂

Aphunzitsi Ntcheu: Naphiri usadandaule, funso lako lagunda penipeni pagona nkhani. Anzako ambiri amangoloweza kuti am amakhala was osafunsa chifukwa chake. Tamvera. Pa Chichewa tikamafotokoza zimene wina ananena, mneni timamusiya pa nthawi imene mwini mawu anamuika. Chikondi anati "ndatopa", ife n'kuti anati watopa. Tasintha munthu yekha, nda- wakhala wa-, koma nthawi sitinaikhudze. Zili ngati tanyamuka n'kukaima pomwe Chikondi anaima tsikulo. Chingerezi sichitero. Wofotokoza amaima pomwe ali lero n'kumacheukira m'mbuyo. Ndiye poti said ali kale m'nthawi yakale, amakokera mneni winayo m'mbuyo sitepe imodzi kuti ayendere limodzi. Uko ndiye kwachokera was wakoyo.

Aphunzitsi Ntcheu: Masitepe ake uwalembe penapake. am ndi is zimakhala was, are amakhala were. "I cook" amakhala she cooked. "I am cooking" amakhala she was cooking. "I have cooked" amapita ku she had cooked, ndipo "I cooked" nayenso amapita komweko. will amakhala would, can amakhala could, may amakhala might. Ukafika pa had cooked wagunda khoma, kulibenso kobwerera, ndiye umamusiya momwemo. Nawonso would, could, should, might ndi ought to sasuntha.

Naphiri F4: Ndiye munthu akati "I had lunch at noon", ndilembe had kawiri?

Aphunzitsi Ntcheu: Eya. He said he had had lunch at noon. Zimaoneka ngati wolembayo ndi wachibwibwi koma n'zolondola. Woyamba uja ndi mneni wothandiza, wachiwiriyo ndiye kudya kwenikweniko.

Nabanda Leeds: Aphunzitsi, ndikhululukireni ndilowerereko. Ine ndakhala kuno ku England zaka zingapo, ndimagwira ntchito ya unamwino. Tsiku lililonse posinthana shifiti timafotokozerana zimene odwala anena. Eni chilankhulo omwe amati "She said she is in pain" kapena "He said he doesn't want breakfast", ndipo palibe amene amadzidzimuka. Ndiye chiganizo cha Naphiri chija ine sindikuchiona ngati Chingerezi chonyansa ayi.

Agogo Opuma: Mayi Nabanda, zimenezo ndi zolankhula za m'makhonde. Ndaphunzitsa zaka zoposa makumi atatu ndisanapume, ndipo lamulo tinkalitcha sequence of tenses. Mneni woyamba akakhala wakale, wachiwiri atsatire. Azungu a masiku ano akuphwanya okha chilankhulo chawo, ife tisatengere. Nthawi yathu munthu ukalemba said that she is unkabwezeredwa kope lili lofiira ngati lagwera mu utoto.

Nabanda Leeds: Agogo, ulemu wanu, koma amene ndikunenawa ndi madokotala akuluakulu, ena a imvi ngati inu nomwe.

Aphunzitsi Ntcheu: Nonse awiri muli ndi mbali yanu, koma ine nditsamira pang'ono kwa a Nabanda. Ngati chimene munthu ananena chikadali choona pa nthawi imene ukufotokoza, Chingerezi chimalola kuti mneni asasunthe. Wodwala uja wanena mphindi khumi zapitazo kuti akumva kupweteka ndipo akadamvabe, ndiye is ali bwino, komanso amathandiza kuti womvera adziwe kuti nkhaniyo ndi ya panopa. Was nayenso sangakhale wolakwika. Si kuphwanya lamulo, mabuku a galamala amanena zimenezi. Koma Naphiri, pa pepala la mayeso sakuuza kuti Chikondi ananena liti, kapena ngati akadali wotopa. Wochonga akufuna aone ngati ukudziwa kukokera mneni m'mbuyo. Ndiye pamenepo tsatira agogo, lemba was, utenge malikisi ako.

Agogo Opuma: Mwamva? Mapeto ake mwabwera kwathu komwe.

Aphunzitsi Ntcheu: Osati kwathunthu agogo 😄 Ngakhale pa mayeso pali zina zosasuntha. Choonadi chosatha chimakhala momwemo: The teacher said that water boils at 100 degrees Celsius. Ukalemba boiled zimamveka ngati madzi anasiya khalidwe limeneli. Komanso nkhani za mbiri zokhala ndi chaka chake nthawi zambiri timazisiya: He told us that Malawi became independent in 1964. She said that the capital moved from Zomba to Lilongwe in 1975. Chakacho chanena kale nthawi, had sakufunikanso kwenikweni.

Wakabaza Zomba: Nkhani ya likulu ija musaikumbutse, ife a ku Zomba imatiwawabe mpaka lero.

Nabanda Leeds: Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira nditangofika kuno, mwina zithandiza Naphiri. Mayi wina wogwira naye ntchito anandifunsa kuti "Didn't you say you were from Malawi?" Ine mtima unachita phwii, ndinamva ngati akuti ndinali Mmalawi kale koma pano ndinasiya. Ndinayankha mwamphamvu kuti "I am still from Malawi!" Mayiyo anangoti kukamwa yasa. Patapita nthawi ndi pamene ndinazindikira kuti were uja sankatanthauza kuti zinatha, anangokokedwa ndi didn't you say. Khutu la Mchewa likamva were limamva "unali", ndipo kwathu "unali" ndiye kuti pano suli.

Aphunzitsi Ntcheu: Chitsanzo chimenecho ndachiba, Lolemba ndikachigwiritsa ntchito m'kalasi. Ndi pomwe ana athu amakanira mumtima. Akalemba she said she was a nurse amaona ngati amuchotsa ntchito mayiyo, ndiye dzanja limathamangira ku is.

Mbale wa ku Joni: Moni a kumudzi. Ine sukulu ndinalekera Folomu 2 koma kuno ku Johannesburg Chingerezi ndiye khasu lathu. Vuto langa ndi say ndi tell. Abwana anga amandiseka ndikati "He said me to wait". Ndiyenera kunena bwanji?

Aphunzitsi Ntcheu: Achimwene, apa Chichewa chathu chikuthandizani bwino kwambiri. Tell ndi kuuza, say ndi kunena. Kuuza kumafuna munthu wouzidwa: anandiuza, anamuuza, anatiuza. Simungangoti "anauza kuti akubwera", womvera afunsa kuti anauza ndani. Tell nayenso amafuna munthu pompo: he told me, she told the driver, popanda to pakati. Kunena sikufuna munthu: ananena kuti akubwera, he said he was coming. Ndipo onani, mukati "anandinena" tanthauzo lasintha, ndiye kuti anakujedani. Ndiye he said me muzimumva ngati anandinena, mudzasiya nokha. Chiganizo chanucho chikhale He told me to wait. Ngati mwakakamira say pamodzi ndi munthu, ikani to: he said to me that he was busy.

Mbale wa ku Joni: Eee, anandinena! Zaka zonsezi palibe anandifotokozera chonchi. Mulungu akudalitseni aphunzitsi.

Naphiri F4: Ine pa told ndimakhoza. Pomwe ndinagwa kwambiri ndi pa mafunso. Atatu onse anathetha. Lina linali "Where do you live?" the policeman asked me. Ndinalemba The policeman asked me that where did I live.

Agogo Opuma: Mayo ine. Zolakwa ziwiri m'chiganizo chimodzi, mdzukulu wanga.

Aphunzitsi Ntcheu: Ziwiri ndithu, ndipo yoyambayo ndi ya Chichewa. Ife timati anandifunsa kuti ndimakhala kuti. Ndiye "kuti" woyamba uja umamunyamula n'kumusandutsa that. Pa Chingerezi that sakhala pamodzi ndi where, what, why, when, who kapena how. Mawu ofunsirawo ndi amene amalumikiza, sakufuna mnzake. Chachiwiri: funso likalowa mu reported speech limasiya kukhala funso, limakhala chiganizo wamba. Ndiye do, does ndi did wofunsira amachoka, mwininkhani amatsogola, mneni n'kutsatira, ndipo kumapeto umaika mpumiro osati mfunsiro. The policeman asked me where I lived. Basi.

Naphiri F4: Nanga "Where is the market?"

Aphunzitsi Ntcheu: Yesa wekha.

Naphiri F4: She asked where was the market.

Aphunzitsi Ntcheu: Watsala pang'ono. Was wamupeza, koma wamusiya pa malo a funso. Msika utsogole: She asked where the market was. Ndikudziwa kuti zimamveka ngati chiganizo chathera m'malere, koma ndi momwemo. Chimativuta n'chakuti pa Chichewa funso ndi yankho zimayalidwa mofanana. Msika uli kuti? Msika uli uko. Sitisuntha mneni. Pa Chingerezi amatembenuza pofunsa, ndiye pofotokoza uyenera kutembenuzanso kubwezera mwakale.

Nabanda Leeds: Ndipo zimenezi zimagwiranso ntchito pofunsa mwaulemu. Kuno aliyense amati "Could you tell me where the station is?" Anzathu ambiri okonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET amakodwa pomwepa, amati where is the station kumapetoko. Ineyo zinanditengera miyezi kuti lilime lizolowere.

Aphunzitsi Ntcheu: Funso lofuna eya kapena ayi lilibe mawu ofunsira, ndiye timabwereka if kapena whether. Ameneyu ndi ngati wathu uja. "Are you hungry?" Anandifunsa ngati ndili ndi njala. He asked me if I was hungry. Apanso waona, ife tasiya "ndili", iwo apita ku was.

Mayi Mlembi: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku maliro. Ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. Ine si wa mayeso, ndine mlembi wa komiti ya sukulu kwathu kuno, ndipo ma minitsi amafuna a Chingerezi chifukwa amapita ku maofesi. Chinandichititsa manyazi ndi ichi. Apampando ananena pa msonkhano kuti njerwa zibwera sabata yamawa. Ine ndinalemba The chairman said the bricks will come next week. Patatha mwezi ndi theka ndikuwerenga ma minitsi aja pa msonkhano wina, bambo wina anaimirira n'kuti "Ndiye kuti njerwa zija sizinabwerebe?" pomwe zinali zitafika kalekale, khoma lili m'mawindo. Anthu anaseka, ine thukuta kamukamu.

Wakabaza Zomba: Next week wa mu ma minitsi safika, ali ngati "ndikupatsa mawa" wa munthu wangongole 😂

Aphunzitsi Ntcheu: Amayi, nkhani yanuyi ikuonetsa chifukwa chenicheni chimene mawu a nthawi amasinthira, kuposa tebulo lililonse la m'buku. Next week amawerengedwa kuchokera tsiku limene munthu akuwerenga, osati limene apampando analankhula. Munayenera kulemba The chairman said that the bricks would arrive the following week. Ndipo apa Chichewa sichitisokoneza, chimachita zomwezo. Tikamasimba nkhani yakale sitinena kuti mawa, timati mawa lake kapena m'mawa mwake. Sitinena dzulo, timati dzulo lake. Ndiye tomorrow amakhala the next day kapena the following day, ameneyo ndi mawa lake. Yesterday amakhala the day before kapena the previous day, ndiye dzulo lake. Today ndi that day, tsikulo. Tonight ndi that night. Now ndi then. Two days ago ndi two days before kapena earlier. Here amakhala there, this amakhala that, monga momwe pano amakhalira pamenepo.

Mayi Mlembi: Mawa lake! Ndiye kuti ndimadziwa kale, kungoti sindinalumikize.

Agogo Opuma: Ndiwonjezereko, poti ntchito ya ulembi ndinaigwirapo ku mpingo. M'ma minitsi chabwino koposa n'kulemba deti lenilenilo. Ngati apampando anena pa 3 kuti sabata yamawa, funsani tsiku lake mulembe kuti by 10 March kapena tsiku lililonse lomwe atchule. Pamenepo ngakhale wowerenga patatha zaka zisanu sasochera. Chinanso, musamangoti said, said, said ngati ng'oma yoboola. Pali reported, explained, proposed, agreed, complained, promised, denied. Msungichuma amachita report, membala amachita propose, komiti imachita agree kapena resolve.

Aphunzitsi Ntcheu: Apa agogo ndawavulira chipewa. Koma chenjezo limodzi kwa Naphiri ndi ena: kusintha mawu a nthawi si kwa nthawi zonse m'moyo weniweni. Mnzako akakuuza m'mawa uno kuti "I will come tomorrow", iwe n'kuuza amayi ako masana a lero lomwe, umati She said she would come tomorrow, chifukwa mawa lake ndi mawa lomwelo. Ukati the following day amayi adabwa kuti ukunena liti. Chimodzimodzi here: ngati ukadali pamalo pomwepo, here akhale.

Naphiri F4: Koma pa mayeso ndisinthe?

Aphunzitsi Ntcheu: Pa mayeso sintha.

Mbale wa ku Joni: Ndili ndi lina. Bwanji azungu amadabwa ndikati "My father said they are coming"? Amafunsa kuti akubwera ndi ndani, pomwe ndikunena bambo anga okha.

Nabanda Leeds: Kkkk achimwene mwandikumbutsa kutali. Umenewo ndi ulemu wathu mwaulowetsa m'Chingerezi. Ife timati bambo anati akubwera, iwo ali m'njira, ndiye lilime limakana kunena he kwa munthu wamkulu, limaona ngati mwano. Koma kwa eni ake they pamenepo amamva kuti ndi gulu. Nenani My father said he was coming, palibe mwano uliwonse.

Aphunzitsi Ntcheu: Ndipo palinso he ndi she. Chichewa chili ndi iye mmodzi yekha, wa mwamuna ndi mkazi yemwe, ndiye ana amalemba My sister said he was sick osazindikira n'komwe. Pa reported speech vutoli limakula chifukwa I aliyense wa m'mitengero ayenera kusanduka he kapena she. Ine ndimawauza kuti asanayambe kulemba afunse mafunso awiri: akulankhula ndani, akulankhula kwa yani? I, my ndi me zimatsatira wolankhula. You ndi your zimatsatira womvera. "I like your dress," Mphatso told me. Ngati Mphatso ndi mnyamata: Mphatso told me that he liked my dress. Your wasanduka my chifukwa wouzidwayo ndine.

Naphiri F4: Nanga dzina ngati Mphatso kapena Chikondi, poti ndi la onse, ndidziwa bwanji?

Aphunzitsi Ntcheu: Yang'ana ngati chiganizo chapereka chizindikiro, monga his kapena her penapake. Ngati palibe, sankha mmodzi ndipo usamusinthe pakati pa chiganizo.

Wakabaza Zomba: Aphunzitsi nanga "akuti" amamasulira bwanji? Chifukwa pa siteji pathu nkhani zonse zimayamba ndi akuti. Akuti mafuta akwera, akuti uje wathawa ndi njinga ya bwana wake.

Admin: Achimwene a Zomba, kwa nthawi yoyamba mwafunsa funso la nzeru pagulu pano 😄

Aphunzitsi Ntcheu: Ndi funso labwinodi. Akuti wathu amagwira ntchito ziwiri. Ina ndi kungopereka uthenga: amayi akuti mubwere. Pamenepo Chingerezi chimati Mother says you should come, ndipo onani kuti says ali m'nthawi yatsopano, ndiye palibe chokokera m'mbuyo. Lamulo lonse lija limadzuka pokhapokha mneni wofotokozera akakhala wakale. Ntchito yachiwiri ndi ya pa siteji panuyo, yonena chinthu uku ukudzichotsamo kuti si ine ndanena. Pamenepo amati they say, kapena apparently, kapena it is said that. Olemba nyuzi amakonda reportedly ndi allegedly, makamaka munthu akamaganiziridwa mlandu khoti lisanagamule. Palinso claimed. Ukalemba He claimed that he had paid wasonyeza kuti iwe wolemba ukukayika, ngati muja timanenera kuti "ati analipira" uku tikupotoza pakamwa.

Mayi Mlembi: Ndiye claimed ndisamamuike m'ma minitsi ponena za msungichuma, angandimvere kolakwika.

Agogo Opuma: Musayerekeze amayi, pokhapokha ngati mukufuna mlandu kwa amfumu.

Naphiri F4: Kwatsala zolamula. "Close the door," the teacher told us. Ndinalemba The teacher told us that we should close the door ndipo anandipatsa theka.

Aphunzitsi Ntcheu: Chiganizo chakocho si cholakwika, koma chikununkha Chichewa: anatiuza kuti titseke chitseko. Ife polamula timadzera pa "kuti" nthawi zonse, ndiye that we should amabwera yekha. Njira yachidule imene wochonga amaiyembekezera ndi to: The teacher told us to close the door. Choletsa chimatenga not to: "Don't be late" amakhala He told us not to be late. Pakakhala please, mneni akhale asked kapena begged, ndipo please yemweyo amachoka chifukwa ulemu wake walowa mu asked. Ukhozanso kugwiritsa ntchito ordered, warned, advised, reminded malinga ndi mzimu wa mawuwo.

Nabanda Leeds: Koma suggest ndi msampha. Ine ndinkati "The doctor suggested me to rest" mpaka mnzanga anandikonza.

Aphunzitsi Ntcheu: Eya, suggest sayenda ndi munthu kenako to. Umati The doctor suggested that I should rest, kapena suggested that I rest. Ndipo "Let's go home" amafotokozedwa ndi suggest yemweyo: He suggested going home, kapena He suggested that we should go home. Must wokakamiza nthawi zambiri amakhala had to: "I must leave" amakhala she said she had to leave. Koma must woganizira, monga "He must be tired" kutanthauza kuti ayenera kuti watopa, amakhala momwemo.

Agogo Opuma: Ndikumbutseko kalembedwe, poti ana a masiku ano foni yawaononga. Mu zoyankhula mwini mawu a munthu amakhala m'mitengero, ndipo mpatuliro kapena mfunsiro umakhala mkati mwa mitengeromo. Mukasintha kupita ku zoyankhula wina, mitengero yonse ichoke. Ndaonapo ana akusintha aneni bwinobwino koma mitengero aisiya, malikisi n'kupita.

Naphiri F4: Agogo mwandigwira, chimodzi ndinachita zomwezo 🙈

Aphunzitsi Ntcheu: Tiyeni timuyese tsopano. Naphiri, sintha izi zitatu, ena musamuuzire.
1. "I bought this phone yesterday," my brother said.
2. "Will you help me tomorrow?" Tadala asked her aunt.
3. "Don't touch my bicycle," the man warned the boys.

Wakabaza Zomba: Nambala 3 ndi ine ndinanena, ndikuvomera.

Naphiri F4: 1. My brother said that he had bought that phone the previous day.
2. Tadala asked her aunt if she would help her the following day.
3. The man warned the boys not to touch my bicycle.

Mbale wa ku Joni: Njinga yasanduka yako liti mlongo? 😂

Naphiri F4: Aaa! His bicycle! Ndinatanganidwa ndi not to mpaka ndaiwala my.

Aphunzitsi Ntcheu: Ziwiri zoyambazo zili bwino kwambiri, ndipo yachitatu wakonza wekha. Umu ndi momwe malikisi amathawira: munthu umayang'ana mneni, mlowam'malo n'kukudutsa pansi pa mkono. Ukamaliza chiganizo chilichonse uzibwereranso kukasaka I, my, me, you ndi your amene watsalira. Pa nambala 2 waona kuti she ndi her zikuloza anthu awiri osiyana, azakhali ndi Tadala. Pa mayeso zili bwino choncho, koma mu chimangirizo ngati zikusokoneza bwereza dzina.

Mayi Mlembi: Inenso ndiyeseko ndi za ntchito yanga. Msungichuma anati "We have spent K200,000 and we cannot buy cement this month." Ndilembe The treasurer reported that they had spent K200,000 and could not buy cement that month?

Agogo Opuma: Aneni ali bwino. Koma they ndani? Inunso muli m'komitimo. Lembani the committee had spent, ndipo m'malo mwa that month tchulani mweziwo.

Nabanda Leeds: Mwaona agogo, nanunso mwasiya tebulo mwayamba kuyang'ana tanthauzo. Ndi zomwe ndimanena zija.

Agogo Opuma: Mayi Nabanda musandikole. Had spent ndamusiya pomwepo, sindinamubweze ku have.

Naphiri F4: Zikomo nonse, ndalemba masamba atatu. Ndithawe kaye, amayi akundiitana, akuti nsima ikuzizira.

Aphunzitsi Ntcheu: Usanapite, tiuze zimenezo m'Chingerezi.

Naphiri F4: My mother says that the nsima is getting cold. Sindinasinthe is chifukwa says ndi wa panopa, ndipo nsimayo ikuziziradi.

Agogo Opuma: Chimenecho sindithetha. Pita ukadye mdzukulu wanga.